Kodi mndandanda wa nambala m'masamu ndi ndondomeko ya ntchito n'chinthu chimodzi?

Mphunzitsi wa ku Santhe

Moni kwa nonse. Ndimaphunzitsa masamu pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Santhe, m'boma la Kasungu, ndipo teremu ino ndili ndi ana a Fomu 4 pa mutu umene m'buku umatchedwa progressions, kutanthauza mindandanda ya nambala zimene zimatsatana mwa lamulo. Ana ambiri aloweza kale kuti nambala ya pa malo a n imapezeka ndi a + (n − 1)d, pamene a ndi nambala yoyamba, d n'kukhala nambala imene imawonjezeredwa nthawi iliyonse, ndipo mafunso ofanana ndi a mayeso a MANEB amawayankha bwino ndithu. Koma Lachitatu lapitali mtsikana wina anakweza dzanja n'kundifunsa funso limene mpaka lero silinandichoke mumtima. Iye anati bambo ake, amene ndi mlimi wa fodya, amakonda kunena kuti ntchito iliyonse ili ndi mndandanda wake, ndiponso kuti munthu sayamba kuthyola fodya chigafa chisanathe. Ndiye anafuna kudziwa ngati mndandanda umene bambo akewo amanena ndi womwewu umene tikuphunzira m'kalasi.

Ndinamuyankha kuti inde, popeza konsekonse chinthu chimodzi chimabwera pambuyo pa chinzake. Mwanayo anakhala pansi mwaulemu, koma nkhope yake inaonetsa kuti sanakhutire, ndipo pamene ndinkapalasa njinga kubwerera kunyumba ndinaona kuti yankho langalo linali lapamwambamwamba. Mu 5, 8, 11, 14 ndikhoza kunena kuti nambala ya pa malo a 50 ndi 152 popanda kudutsa m'zinzake zonse, pamene pa ntchito yomanga palibe amene angalumphe maziko n'kukafika pa denga. Nanga kufanana kwake kuli pati, ndipo kusiyana kukuyambira pati? Funsoli likundikhudza pawiri, chifukwa inenso ndikukonzekera kumanga nyumba ya zipinda zitatu chilimwe chikubwerachi, ndipo ndikufuna kuti malata adzakhale atakhomedwa mvula isanayambe. Ndikupempha aphunzitsi anzanga, amisiri ndi alimi kuti mundithandize maganizo, kuti ndikabwerere kwa mwanayo ndi yankho loyenera funso lake.

Mphunzitsi wopuma, Kamwendo

Aphunzitsi, yankho lanu silinali lolakwika, koma linali losamaliza. Chimene chimapangitsa kuti nambala zitchedwe mndandanda si kuwonjezera 3 kapena kuchulukitsa ndi 2 ayi. Ndi chakuti nambala iliyonse ili ndi malo ake, yoyamba, yachiwiri, yachitatu, ndipo mukasintha malowo mwapanga mndandanda wina. Mulu wa mtedza ulibe woyamba kapena wotsiriza, koma mapando a pa mzera ali nawo. Apa ndi pamene bambo a mwanayo ndi buku lanu akugwirizana.

Ndinaphunzitsa masamu zaka zambiri kuno ku Mchinji, ndipo ndinkaona kuti chimene chimavuta ana si chilembo cha a kapena cha d, koma (n − 1). Amangoloweza osadziwa kuti 1 ameneyu akuchotsedwa chifukwa chiyani. Atengereni kumunda. Pa kabzalidwe ka chimanga kamene alimi amakatcha Sasakawa, mizere imatalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, ndipo phando lililonse limalandira njere imodzi. Mzera ukakhala wa mamita 30, ana onse adzagawa 3000 ndi 25 n'kukuuzani kuti mapando ndi 120. Koma ngati phando loyamba lili kumayambiriro kwenikweni kwa mzera ndipo lotsiriza lili kumathero kwake, mapando ndi 121, chifukwa 120 ija ndi mipata ya pakati pa mapando. Kuti mufike pa phando lachisanu mumaponda mipata inayi yokha. Mwana amene waponda mipatayo ndi mapazi ake sadzaiwalanso chiyambi cha (n − 1), ndipo bambo ake akamadzazika nsanamira za chigafa cha mamita 20 motalikirana mamita 2, iye ndiye adzawauze kuti mzere uliwonse ukufuna mitengo 11.

Kuphatikiza mndandanda nakonso kuli pafupi nafe. Mu shedi ya mbewu matumba akasanjidwa 12 pansi, 11 pamwamba pake, n'kumachepa limodzilimodzi mpaka 5, kalaliki wodziwa ntchito sawerenga thumba lililonse. Amaphatikiza mzere wapansi ndi wapamwamba, 12 ndi 5, kupeza 17, ndipo popeza mizere ndi 8, pali mawiriawiri anayi otere, choncho matumba ndi 68. Njira yomweyi ndi imene ili m'nkhani imene imasimbidwa ya Carl Friedrich Gauss, katswiri wa masamu wa ku Germany amene anabadwa mu 1777, kuti ali mwana anaphatikiza nambala zonse kuyambira 1 mpaka 100 poona kuti 1 ndi 100, 2 ndi 99, ndi ena onse otero amapereka 101 aliyense, ndipo mawiriawiri 50 oterewa amapereka 5050.

Tsopano ku funso lanu la kulumpha. Mndandanda umafotokozedwa m'njira ziwiri. Ina imakuuzani nambala kuchokera pa malo ake, monga a + (n − 1)d, ndipo imeneyi ndi imene imakulolani kulumphira pa malo a 50. Ina imakuuzani nambala kuchokera pa inzake imene yangopita kumene: tengani yapitayo, muwonjezerepo 3. Njira yachiwiriyi ndiyo m'bale wake wa ntchito yomanga, chifukwa chotsatira chilichonse chimaima pa chimene chatha. Ulipo mndandanda wotchuka umene Leonardo wa ku Pisa, amene amadziwika ndi dzina loti Fibonacci, anaulemba m'buku lake la mu 1202: 1, 1, 2, 3, 5, 8, 13, ndi kupitirira, momwe nambala iliyonse imapezeka pophatikiza ziwiri za m'mbuyo mwake. Simungalembe 13 ngati 5 ndi 8 sizinapezeke zonse ziwiri, monganso mmisiri sangayambe khoma ngati maziko alipo koma njerwa palibe.

Mmisiri wa zomangamanga, Kasungu boma

Ndikuthokoza bambo a ku Kamwendo chifukwa cha chitsanzo cha nsanamira, chimene ndachionapo chikusokoneza anthu akuluakulu pogula mitengo. Komabe ndikupempha kuti ndisiyane nawo pang'ono, chifukwa ndikuopa kuti aphunzitsi a ku Santhe akatenga ntchito yawo yomanga ngati mzere umodzi wa nambala, adzataya masiku ndi ndalama. Mndandanda wa m'masamu uli ngati njira imodzi yopanda mphambano: pa malo achitatu pamakhala nambala imodzi basi. Ntchito yomanga ili ndi njira zingapo zimene zimayenda nthawi imodzi n'kukakumana kutsogolo. Ntchito zina zimadikira zinzake, koma zina sizidikirana konse, ndipo luso lonse la kapitawo lagona pa kusiyanitsa mitundu iwiriyi.

Ndiloleni ndigwiritse ntchito nyumba yanu yomweyo, aphunzitsi, ndi masiku ongoyerekeza kuti tione mmene zimayendera. Tinene kuti kuumba njerwa kutenga masiku 12, kuziumitsa masiku 14, ndipo kusanja uvuni, kuotcha ndi kudikira kuti uzizire masiku 10. Pamenepo papita masiku 36 njerwa zisanafike m'manja mwa mmisiri. Kukumba maziko ndi kuthira konkire kutenga masiku 6, ndipo konkireyo tiisiye masiku 7 tikuithirira madzi, onse pamodzi 13. Kalipentala akufuna masiku 15 kuti akhome mafelemu a zitseko ndi mawindo. Kumanga khoma mpaka pa linta ndi masiku 18, kuthira linta ndi kuidikira masiku 9, kumaliza njerwa za pamwamba pake masiku 4, ndipo denga masiku 5. Munthu amene waika zonsezi pa mzere umodzi n'kuphatikiza adzapeza masiku 100. Koma maziko sadikira njerwa kuti zipse, ndipo kalipentala sadikira maziko. Ntchito zitatuzi zikhoza kuyenda limodzi. Njira imene ikulamula tsiku lomaliza ndi yaitali kuposa zonse, ya njerwa, khoma, linta ndi denga: 36, 18, 9, 4 ndi 5, kupanga masiku 72.

Taonani tsopano chimene chiwerengerochi chikutiuza. Okumba maziko akhoza kuchedwa ndi masiku 23 osasuntha tsiku lokhoma malata, ndipo kalipentala ali ndi masiku 21 opumira. Koma oumba njerwa akajomba tsiku limodzi lokha, nyumba yonse yachedwa ndi tsiku limodzi. Ku sukulu ya ntchito zamanja tinaphunzira kuti njira yaitali imeneyi imatchedwa critical path, ndipo kawerengedwe kake kanakhazikitsidwa ku America mu 1957 ndi Morgan Walker wa kampani ya DuPont pamodzi ndi James Kelley wa kampani ya Remington Rand. Iwo asanatero, Henry Gantt anali atafalitsa kale, cha m'ma 1910, tchati chojambula ntchito iliyonse ngati kamzere kogona pa kalendala, chimene mumachiona chitamatidwa m'maofesi a makontirakitala mpaka lero. Inu simufunika kompyuta: pepala lalikulu, rula ndi pensulo n'zokwanira.

Ndikunena izi ndi mtima wonse chifukwa ndinazionapo zikumupweteka munthu. Chaka china ndinagwira nyumba ya bambo wina chakufupi ndi Chinkhoma, amene atalandira ndalama za fodya anathamangira kulipira kalipentala, kugula malata, loko ndi penti, chifukwa zinthu zimenezi zimaoneka ndi maso ndipo zimasangalatsa mtima. Oumba njerwa anawasiya kuti awalipira pambuyo, iwonso n'kupita kukagwira maganyu kwina. Kuumba kunayamba mochedwa, ndipo mvula yoyamba inapeza njerwa zosaotcha zili pabwalo. M'mawa mwake ndinafika n'kupeza bamboyo ataima pakati pa mizere ya njerwa zimene zinasanduka phala, ngodya zake zitasungunuka, udzu umene anafundikira utamatirira m'matope, pamene mafelemu atsopano anali atatsamira khoma la nkhokwe, onyezimira ndi vanishi. Sanalankhule kanthu kwa nthawi yaitali. Nyumbayo inadikira chaka chathunthu, ndipo pofika nthawi yomanga ena mwa mafelemuwo anali atapindika. Bamboyo sanali waulesi ndipo ndalama anali nazo. Anangofulumizitsa ntchito imene inali ndi masiku opumira, n'kuchedwetsa imene inalibe.

Chinthu china chimene pepala la masamu silionetsa n'chakuti pali masiku amene palibe munthu akugwira ntchito koma sangafupikitsidwe. Oumba mukhoza kuwachulukitsa, masiku 12 n'kukhala 6, koma njerwa sizidzauma msanga chifukwa choti mwalemba anthu ambiri, ndipo mphamvu ya konkire imayezedwa pa masiku 28 ngakhale mwini nyumba atakhala pa changu chotani. Eni nyumba ambiri amandikakamiza kuchotsa matabwa a linta m'mawa mwake, ndipo ndimakana.

Mlangizi wa zaulimi, Mkanda

Aphunzitsi, ine ndiwonjezerepo za kumunda, popeza funso linachokera kwa mwana wa mlimi. Pa ulimi mipata ya pakati pa ntchito timaidziwa, koma tsiku loyambira si ife timalisankha. M'chilankhulo cha buku lanu, d tili naye, koma a amabwera ndi mvula. Mlimi akabzala chimanga ndi mvula yokwanira, kaya kumapeto kwa Novembala kaya mu Disembala, masiku ena onse amawerengedwa kuchokera pa tsiku limenelo: feteleza wokulitsa pobzala kapena chimanga chikangomera, kupalira koyamba udzu usanakule, ndi Urea pakatha masabata atatu kapena anayi. Chibwerere mbozi za ntchemberezandonda m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017, timalangiza alimi kuyendera munda sabata iliyonse n'kumasuzumira m'mitima ya chimanga. Mlimi amene wayamba kuyendera pa 3 Disembala adzayenderanso pa 10, pa 17, pa 24 ndi pa 31, umene ndi mndandanda weniweni wa m'buku wokhala ndi d wa 7. Mvula ikachedwa ndi masiku khumi, mndandanda wonsewo umasuntha ndi masiku khumi, mipata yake osasintha.

Fodya ndiye amaphunzitsa kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Mbande zimakhala pa nazale masabata 8 mpaka 10, choncho mlimi amene akufuna kuwokera ndi mvula yoyamba amafesa cha mu Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, akuthirira ndi makeni m'mawa ndi madzulo, pokonzekera tsiku limene palibe amene akulidziwa bwinobwino. Akafesa msanga mbande zimakulitsa zikudikira mvula; akachedwa mvula imamupeza alibe chowokera. N'chifukwa chake alimi ena safesa mabedi onse tsiku limodzi koma amasiyanitsa ndi masiku angapo. Kuthyola nako kuli ndi lamulo lake, chifukwa masamba amakhwima kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo amene athyola a pamwamba msanga amaononga mtengo wa belo lake ku okushoni. Chigafa chili ngati maziko aja a bambo mmisiri: chikhoza kumangidwa nthawi iliyonse fodya ali kumunda, koma tsiku lothyola masamba oyamba chiyenera kukhala chitafoleredwa. Bambo a mwanayo ananena zoona.

Msungichuma wa banki m'khonde, Chamama

Ine si mphunzitsi, koma ndikupempha kuti ana asamalize mutu umenewu asanaone ngongole, chifukwa ndi pamene kusiyana kwa mindandanda iwiri ya m'buku mwanu, wowonjezera ndi wochulukitsa, kumaluma. Tiyerekeze kuti munthu wakongola K50,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pa mwezi. Ngati chiwongoladzanjacho chikuwerengedwa pa ndalama yoyamba yokha, mwezi uliwonse pakuwonjezeka K10,000, ndipo ngongole ikuyenda 60,000, 70,000, 80,000, n'kufika K110,000 pakutha pa miyezi 6. Koma ngati chiwongoladzanja chosalipidwa chikuphatikizidwa ku ngongole n'kumaberekanso, mwezi uliwonse tikuchulukitsa ndi 1.2, ndipo ikuyenda 60,000, 72,000, 86,400, 103,680, 124,416, n'kufika pafupifupi K149,300 mwezi wachisanu ndi chimodzi. Mwezi woyamba ziwirizi n'zofanana, ndipo mwezi wachiwiri zikusiyana ndi K2,000 yokha, n'chifukwa chake munthu amavomera osaona choopsa. M'gulu lathu tinagwirizana kuti aliyense asanasaine, ndizimulembera miyezi yonse motsatana m'kope kuti aone yekha kumene ngongole ikulowera, ndipo amayi angapo ataona mzere wachiwiriwo anachepetsa ndalama zimene ankafuna kutenga. Mwana amene akudziwa mndandanda wochulukitsa woterewu, umene m'buku umatchedwa geometric progression, akhoza kupulumutsa makolo ake kwa akatapila.

Mphunzitsi wa ku Santhe

Zikomo kwambiri bambo a ku Kamwendo, bambo mmisiri, mayi mlangizi ndi mayi msungichuma. Dzulo ndinatulutsa kalasi yonse kupita m'mphepete mwa bwalo la mpira titanyamula chingwe cha mamita 30, rula ndi timitengo. Ndisanawalole kuzika, ndinawauza kuti aliyense alembe m'kope chiwerengero cha mapando, ndipo onse, kupatula awiri, analemba 120. Atamaliza kuzika anawerenga timitengo katatu, pokhulupirira kuti wina waikapo kowonjezera, mpaka mnyamata wina amene nthawi zambiri salankhula m'kalasi anagwada pa kamtengo koyamba n'kunena kuti aka kalibe mpata kumbuyo kwake. Ndinamupempha kuti abwereze mokweza kuti onse amve.

Titabwerera m'kalasi ndinamuuza mtsikana uja pamaso pa anzake kuti yankho langa la sabata yatha linali losakwanira. Ndinajambula pa bolodi mzere umodzi wa nambala, ndipo pansi pake ndinajambula ntchito za bambo ake monga mmene iye ankanditchulira: nazale, kulima mizere, kuwokera, kudula mitengo ndi udzu, kumanga chigafa, kuthyola, kusoka, kuyanika, kusankha ndi kudinda mabelo. Ana okha anaona kuti nazale ndi kulima mizere zimayendera limodzi n'kukumana pa kuwokera, ndi kuti njira ya chigafa imakumana ndi ya kumunda pa kuthyola. Mtsikanayo anakopera chithunzicho kuti akawaonetse bambo ake, ndipo walonjeza kudzatibweretsera masiku enieni a ntchito iliyonse kuti tipeze njira yaitali. Chitsanzo cha ngongole ndachisungira Lolemba, pamene tikuyamba geometric progression.

Za nyumba yanga, ndawerenga chobwerera m'mbuyo monga anenera mayi mlangizi. Ndikafuna kuti denga lidzathe pofika pa 15 Novembala, masiku 72 akundifikitsa pa 4 Seputembala, koma pamenepo sindinachotse Lamulungu, maliro kapena matenda, choncho ndaganiza zoti kuumba kuyambe kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo ndalama zoyamba zipita kwa oumba, kalipentala adzabwera pambuyo. Ndatsala ndi funso limodzi kwa bambo mmisiri. Njerwa zoumbidwa tsiku loyamba zimakhala zitauma kalekale pamene zotsiriza zikadali zaziwisi, ndipo zimangodikira chifukwa uvuni ndi umodzi. Kodi ndikagawa njerwazo m'mauvuni awiri, kuti woyamba uotchedwe msanga khoma liyambe pamene wachiwiri ukusanjidwa, masiku amene ndingapulumutse angalingane ndi nkhuni zowonjezera zimene ndingaotche?